Maulosi a Pansi pa Mtumbira Woyamba

Lamulungu lomaliza la Novembala ndinafika m'nkhalango ola lathunthu anzanga asanafike. Sikuti ndinalawirira chifukwa chokonda ntchito ayi. Ndinapita kukaba.

Kuseri kwa njanji ya m'tauni yathu ya Landgraaf kuli malo athu, mitumbira isanu ndi iwiri ya dothi la makande imene takhala tikuumba ndi mafosholo kwa zaka makumi awiri ndi zitatu kuti tizilumphapo ndi njinga zathu za BMX. Mvula ya m'nyengo yozizira ikayamba sitikweranso. Tayala likaponda dothi lonyowa limasiya mzere wotenga sabata kuti ukonzeke, ndipo wochita zimenezo timamupirikitsa, kaya ndi m'bale wa ndani. Lamulungu lomaliza la Novembala timafunditsa mitumbira yonse makapeti akale mpaka Epulo. Koma tisanafunditse timayamba tafukula botolo la jamu limene limagona pansi pa mtumbira woyamba. M'botolomo mumakhala maulosi athu. Aliyense amalemba zimene akuona kuti zichitika chaka chikubweracho, za njinga, za malonda ake, za ife eni ake. Chaka chikatha timawerenga mokweza, tonse n'kumakuwa kuti "zoona" kapena "bodza". Wolosera bwino amatenga fosholo yopakidwa penti wagolide, ndipo ndi iyeyo amene amalamula choti chisinthidwe pamalopo tikadzafundukula.

Pepala langa la chaka chatha linali ndi mzere umodzi wokha: "Twan sadzalumphanso Apongozi, ndipo asiye kukwera asanadziphe."

Twan ndi mnzanga kuyambira tili ndi zaka khumi ndi zinayi. Malowa anawapeza ndi iye, ndipo ndi iye anaumba mtumbira wachisanu, wotalika kupitirira munthu, wokhala ndi dzenje la mamita asanu ndi limodzi pakati pa ponyamukira ndi poterapo. Tinautcha Apongozi chifukwa suwafikira mwachibwana. Mu Seputembala chaka chatha Apongoziwo anamuthyola fupa la m'chiuno, ndipo iye anagona chikomokere masiku awiri m'chipatala. Tsiku lolemba maulosi anabwera pa ndodo ziwiri, akuseka, akulonjeza kuti pofika Meyi adzakhala ali m'malere. Zinandipsetsa mtima. Ine ndi amene ndinamuchotsa dothi m'kamwa tsiku lija, maso ake atatembenuka, ndiye iye azidzaseka? Ndinalemba mzere uja mwaukali, n'kuponya m'botolo.

Meyi anabweradi. Lamulungu lililonse Twan ankamanga chipewa chake choteteza mutu, n'kulumpha mtumbira woyamba, wachiwiri, wachitatu, wachinayi, mwaukhondo ngati kale. Pofika pa Apongozi ankamanga buleki n'kukhotera m'zitsamba. Ife tinkakuwa kuti, "Sabata yamawa, mdala! Watsala pang'ono!" Ndipo wokuwa kwambiri ndinali ine, sindibisa. Mu Ogasiti, pokhota chomwecho, anawomba mtengo n'kung'ambika chibwano. Ndinamuperekeza kokasokedwa, m'njira monse ndikumuuzabe kuti sabata yamawa. Bambo wa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zitatu, wophika buledi, akuthawira m'zitsamba sabata iliyonse, ine ndikumuombera m'manja.

Twan ndimamudziwa. Pepala lija likanawerengedwa pagulu, akanachita chimodzi mwa ziwiri: kukwera njinga pomwepo n'kukalumpha pa dothi lonyowa kuti anditsutse, kapena kunyamuka osadzandilankhulanso. Zonse ziwiri sindikanazipirira. Choncho ndinakumba, ndinatsegula botolo, ndinapeza pepala langa mosavuta pakuti ndimalemba ngati nkhuku yapalasa, ndinaliika m'thumba la buluku. Botolo ndinalikwiriranso, n'kuwazapo masamba ouma. Kenaka ndinakhala pa wilibala kumadikira.

Woyamba kufika anali Funs, wogawa makalata, atasenza makapeti awiri paphewa.

"Huub wafika woyamba? Anthuni, dziko latha," anatero. "Akuthamangitsa kunyumba eti?"

"Tseka pakamwa, tula katunduyo."

"Usachite manyazi, aise. Kwathu kuli sofa."

Loes, mwini kashopu ka njinga ku Heerlen, anafika ndi poto wa supu wa nsawawa atamukulunga m'bulangete. Pambuyo pake panabwera abale awiri a kwa Habets, anthu osalankhula amene amakumba kuposa tonsefe. Twan anafika pomaliza, pa njinga yake, buledi ali m'chikwama cha kumsana. Nditaona njingayo ndinaopa kuti lero alumpha, ngakhale ndinkadziwa kuti iye ndi m'tchalitchi momwe akhoza kulowa nayo.

Funs ndiye anakumba. Fosholo inangolowa ngati m'phala.

"Dothili lafewa bwanji? Ngati wina wakumba kale."

"Ndi mfuko," ndinatero.

"Mfuko wodziwa kuwaza masamba?"

"Fukula botololo, tazizidwa ife."

Wowerenga amakhala Loes, chifukwa mawu ake amamveka ngakhale sitima ikudutsa. Anaima pamwamba pa mtumbira woyamba, pa thabwa kuti asaponde dothi, natulutsa pepala loyamba. Linali la Funs.

"Ana onse a m'tauni adzasiya kupalasa, adzathamangira njinga zamagetsi za matayala onenepa zija."

"Zoona!" tinakuwa tonse.

"Zoona zowawa," Loes anatero. "Dzana mwana walowa m'shopu, wayang'ana BMX kumbuyo ndi kutsogolo, ndiye akuti, anti, pochajira ndi pati?"

"Ukanamuonetsa miyendo yakeyo," anatero Funs.

Loes anapitiriza kuwerenga pepala lomwelo. "Chachiwiri. Mabuleki adzabwereranso m'fashoni, amene anawachotsa adzawabwezeretsa."

"Bodza!" anakuwa Funs yemweyo, poona kuti zamuvuta.

"Kwa ine anabwerera," Twan anatero, akudula buledi.

Tinaseka pang'ono, kuseka kwa mano okha. Ine ndinayang'ana m'kapu mwanga.

La Loes mwini wake linali lalitali, pakuti iye malondawa amawaonera pafupi. Analosera kuti timakampani tiwiri towotcherera mafelemu a njinga pamanja tidzatseka, koma kanatseka kamodzi kokha, ndiye tinakangana ngati n'zoona kapena bodza mpaka supu anayamba kuzizira. Analosera kuti khonsolo idzathira kabwalo ka njinga ka phula kokhotakhota pafupi ndi sukulu n'kumaganiza kuti yatithandiza, ndipo linalidi litathiridwa, meya atadulapo riboni. Analoseranso kuti shopu yake idzapulumuka chifukwa chomata machubu a njinga za agogo opita kumsika. Pamenepo sanadikire n'komwe kuti tikuwe. Abale a kwa Habets, wina analemba kuti makanema a pa foni adzafupika mpaka wokwera azitha kutchuka asanatere pansi, wina kuti Funs adzagula njinga ya matayala okulirapo n'kumanamizira msana.

"Msanawo ndi weniweni!" Funs anakuwa.

"Zoona!" tinamuyankha, ndipo sizinadziwike kuti tikuvomereza chiti.

Chaka chilichonse maulosiwa amafanana, ndakhala ndikuona. Timati masewerawa akufa, ana atha, makampani akugwa, ndiye Epulo akafika timapezekanso pompano ndi mafosholo. Kulosera za makampani a kutali n'kosavuta, palibe amene amalira. Za munthu amene ukumwa naye supu ndiye zimakanika kutuluka pakamwa.

Loes anapisa dzanja m'botolo, nalitembenuza, naligwedeza.

"Latsala limodzi. Tinalitu asanu ndi mmodzi."

"Mfuko uja amadziwanso kuwerenga," anatero Funs, akundiyang'ana.

"Mwina sindinaponye," ndinatero. "Sindikukumbuka."

Twan analeka kudula buledi. Anangondiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anauza Loes kuti, "Lotsalalo ndi langa. Werenga."

Loes anafunyulula, nayamba kuwerenga ndi maso okha, ndipo nkhope yake inasintha.

"Mdala, ukunenetsa?"

"Lamulo ndi lamulo. Mokweza."

Anawerenga, koma osati ndi mawu ake aja opambana sitima.

"Chaka chamawa ndidzafika pa Apongozi Lamulungu lililonse n'kumanga buleki. Nonse mudzati sabata yamawa. Ndikuopa, ndipo mantha amenewa sadzatha. Ndikufuna kusiya koma pandekha sindingathe, chifukwa malowa ndinayambitsa ndine. Wina akadzandiuza kuti basi, ndidzasiya tsiku lomwelo. Palibe amene adzandiuze."

Palibe anakuwa. Sitima ya ku Aachen inadutsa, tonse n'kumaiyang'ana ngati sitinaionepo. Ine ndinkawerenga m'mutima masiku a Lamulungu kuyambira Meyi, ndipo anakwana makumi awiri ndi asanu ndi awiri. Masiku onsewo munthu ankamanga chipewa akuyembekeza kuti wina amugwire mkono, ife tikumukankhira kutsogolo. Ndinachita manyazi kwambiri, ndipo ndinakwiyanso, koma wokwiyira panalibe kupatula ine ndemwe.

"Bwanji mwangoti zii?" Twan anatero. "Zoona kapena bodza?"

"Zoona," anatero wamkulu wa kwa Habets, chapansipansi.

"Dikirani," ndinatero.

Ndinatulutsa pepala lija. Linali litakwinyika m'thumba. Ndinafuna kupereka kwa Loes, koma Twan anatambasula dzanja, naliwerenga yekha, mokweza, pang'onopang'ono chifukwa cha kalembedwe kanga koipa. Atamaliza analipinda pawiri.

"Unalemba liti?"

"Tsiku lomwelo. Uli pa ndodo."

"Ndiye walifukula m'mawa uno."

"Ndinkaopa kuti ukalimva ukalumpha lero lomwe."

"Pa dothi lonyowa? Ine? Huub, ndingafe, koma sindingaononge Apongozi."

Funs anaseka, kenaka anadzigwira pakamwa.

"Chaka chathunthu," Twan anatero. Sanakweze mawu, ndipo zikanakhala bwino akanakweza. "Chaka chathunthu mawu awa ali pansi pa dothi, ine ndikudutsa pamwamba pake sabata iliyonse. Pondisoka chibwano unali pambali panga, aise. Unandigulira khofi."

"Ndinkaona ngati ndikukulimbikitsa."

"Ndikudziwa. Nonse munkaona choncho."

Loes anatsika pa thabwa paja, natenga fosholo yagolide imene inali itatsamira mtengo. Anaima pakati pathu osadziwa woipatsa.

"Ndiye zikhala bwanji? Huub walosera zoona. Koma ngati Huub ananena, ndiye kuti la Twan lija lakuti palibe adzamuuze ndi bodza."

"Anauza botolo," Twan anatero. "Ine sanandiuze. Bweretsa fosholo yangayo."

Palibe anatsutsa. Anailandira, naiyesa kulemera kwake m'manja ngati sanaigwirepo, chonsecho anaipaka penti ndi iye mwini.

"Lamula tsono, mdala," anatero Funs. "Tiwagumule Apongozi? Ine sindidandaula, akhala akundiopseza zaka khumi."

"Wogumula Apongozi ndimudula manja. Mu Epulo ponyamukira pake ndidzapaumbanso, pakugwa chakumanzere. Loes azidzalumpha, ndi aliyense amene mtima wake ukumulola. Ine ndizidzathirira ndi kusalaza." Anaima kaye, natembenukira kwa ine. "Koma pepala langa likuti wina akadzandiuza. Palibe wandiuza mpaka pano."

"Wawerenga wekha," ndinatero.

"Ndawerenga zokanda za nkhuku. Ndikufuna pakamwa pako."

Ndalankhula ndi munthu ameneyu zaka makumi atatu ndi zinayi. Ndamutukwanapo, ndamuuzapo kuti mkazi amene ankafuna kukwatira samuyenera, ndinalankhula pa maliro a bambo ake. Koma ichi chokha ndinali ndisanamuuzepo. Chipewa chinali chikadali kumutu kwake, lamba wake akudutsa pa chipsera cha chibwano chija, ndipo ndinayang'ana pamenepo chifukwa m'maso sindikanatha.

"Twan," ndinatero. "Basi. Siya."

Anapuma mpweya wautali. Anamasula lamba uja, navula chipewa, nachikoleka pa handulo ya njinga. Tsitsi lake linali litayera kuposa mmene ndinkadziwira, pakuti m'nkhalangomo sindinkamuona wopanda chipewa. Anapukuta maso ndi mkono wa jekete, osabisa.

"Zikomo," anatero. "Wachedwa, galu iwe, koma zikomo."

Loes anang'amba mapepala atsopano m'kope lake, nagawa mapensulo. Aliyense anatembenukira kwake kukalemba za chaka chamawa. Funs ankalankhula yekha za mabatire ndi matayala onenepa. Ine ndinakhala ndi pepala loyera pa bondo kwa nthawi, kenaka ndinaliponya m'botolo lopanda kanthu. Twan anaona.

"Sunalembe."

"Ndikakhala nazo ndidzakuuza."

Anagwedeza mutu, nakoka kapeti yaikulu kuposa onse, yofiira ya m'chipinda cha malemu amayi ake, kulunjika kwa Apongozi.

"Gwira uko," anatero. "Mvula ikubwera."