Mulu wa Matimati Atatu

Kumsika ankamutchula kuti Akabuku, chifukwa sabata yoyamba ya mwezi uliwonse ankabwera ndi kabuku ka ku ofesi ya kafukufuku kudzalemba mitengo ya sopo, mchere, makala ndi matimati. Sankagula kanthu. Ankangofunsa n'kulemba.

Chaka chimenecho kabukuko kankamulemera m'manja. Kufakitale yosoka zovala kumene mwamuna wake ankagwira ntchito, mabwana anali atagwirizana ndi antchito kuti malipiro adzakwera pokhapokha lipoti la ofesi ya kafukufuku ija likadzasonyeza kuti mitengo yakwera. Ndipo awiriwo anali atalonjeza mwana wawo wamkazi, yemwe anamutumiza kwa azakhali ake chakudya chitayamba kuperewera pakhomo, kuti mwezi wotuluka lipotilo, malipiro akangokwera, adzakamutenga.

"Mulu ndi ndalama zingati lero, amayi?" Akabuku anafunsa mayi wogulitsa matimati.

"Monga kale, Akabuku. Ndikakweza makasitomala andithawa."

Anayang'ana muluwo. Kale munkakhala matimati asanu. Tsopano anali atatu, lachitatulo litakwera pamsana pa anzake kuti mulu uoneke wautali.

"Nanga awiri aja apita kuti?"

"Akwatiwa," anatero mayiyo n'kuseka pang'ono. Kenako anatsitsa mawu. "Mukatilembere zoona, mwana wanga."

Pafomu ya m'kabukumo panali kabokosi kamodzi kokha: mtengo wa mulu. Analemba mtengo womwe uja, ndipo m'mphepete anawonjezera kuti mulu wachepa. Chimodzimodzi sopo, amene anali atawonda ngati wodwala, ndi thumba la makala lomwe linali litadulidwa mutu.

Bwana wake anawerenga zonsezo mofatsa, n'kuvula magalasi.

"Mayi, kompyuta siwerenga za m'mphepete."

"Koma bwana, anthu akutenga zochepa pa ndalama yomweyo."

"Ndikudziwa, nanenso ndimadya. Koma tikasintha fomu pano, manambala a chaka chino sagwirizana ndi a chaka chatha. Tidzaona chaka chamawa."

Lipoti linatuluka lachikuto chonyezimira. Linati mitengo yakhazikika, ndipo linayamikira banki yaikulu chifukwa chogwira bwino ndalama ya dziko.

Loweruka masana mwamuna wake anafika ndi kapepala ka kufakitale, n'kukaika pa tebulo pafupi ndi kabuku kaja. Anakhala pansi n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato, pang'onopang'ono.

"Akuti zinthu sizinakwere, amake mwana. Akuti pali akatswiri amene anayenda m'misika yonse."

Mwamunayo sanamuyang'ane n'komwe. Bola akanamukalipira.

Foni inalira. Anali mwana uja, pa foni ya azakhali ake.

"Amayi, mwezi uja wakwana. Ndalongedza kale, mpaka nsapato za kusukulu."

Akabuku anayang'ana mwamuna wake, yemwe anali akulimbanabe ndi chingwe chomasuka kale.

"Tulutsa nsapatozo, mwanangu," anatero. "Uzivala Lolemba popita kusukulu komweko. Ndipatse azakhali ako ndilankhule nawo."