Kachitsulo ka M'munda wa Tirigu

Chrissie atamwalira mu 2004, anamuika ku Leicester, ku Mangalande komweko. Mayi ake anapempha mkamwini wawo Mapopa chinthu chimodzi chokha: kawotchi kaunamwino komwe malemuwo ankamanga pachifuwa, kuti akakakwirire kumanda akwawo ku Ntcheu, mzimu udziwe njira. Zaka ziwiri zinatha Mapopa akungoti atumiza mwezi wamawa. Kawotchiko sikankachoka m'thumba la jekete yake.

Lamlungu linkamutalikira. Ndiye Akbar, mnzake wakuntchito ku Corby, anayamba kumutenga kokasaka zitsulo zakale m'minda ya alimi. Anali ndi makina onga ndodo yokhala ndi mbale kumapeto, olira akamva chitsulo pansi. Tsiku loyamba ankangolira Mapopa akawerama, mpaka Akbar anatulukira kuti ndi kawotchi kaja. Anamuseka kuti chuma chonse cha Mangalande chili m'jekete mwake. Mapopa sanaseke, ndipo Akbar sanabwerezenso.

Nthawi zambiri ankafukula misomali basi. Koma tsiku lina, alimi atangokolola tirigu, Mapopa anatulutsa kachitsulo kobiriwira, kozungulira, kosaposa chikhatho cha khanda. Atakapukuta ndi malovu anaona tizinyama topotanapotana, tolumana michira.

Akbar anati zoterezi amakalembetsa kumyuziyamu. Kumeneko anapeza mayi wina dzina lake Bernadette, wodziwa za zinthu zakale. Anawauza kuti kanasulidwa kutsidya kwa nyanja, kwa anthu otchedwa ma Viking, zaka chikwi zapitazo. Mzimayi wina anabwera nako pangalawa, atamangira chovala chake pachifuwa. Bernadette anawaonetsa kumbuyo kwa kachitsuloko, pomwe phini inathyoka n'kulumikizidwanso kawiri. Mwiniwakeyo sanafune kusintha n'kakuno.

"Nanga iyeyo anabwerera kwawo?" Mapopa anafunsa.

"Sitikudziwa. Ambiri sankabwerera."

"Dzina lake?"

Bernadette anangopukusa mutu, n'kulemba nambala pakapulasitiki.

M'basi pobwerera, dzanja la Mapopa linali m'thumba. Ankaganiza kuti kwawo kwa mzimayiyo kunali nkhalamba ina yomwe inkayang'ana kunyanja, kudikira ngakhale kachitsulo komweka, mpaka inafa ikudikira. Lero wakatola ndi iye, mlendo wa ku Rumphi, wosadziwa n'koyambira kulira.

Lolemba m'mawa anapita kwa Fiona, namwino mnzake wa Chrissie, amene anali pafupi kupita kutchuthi kumudzi. Anakulunga kawotchiko m'kansalu n'kumupatsa ndi manja awiri. Kenako anaimba foni ku Ntcheu.

"Amayi, ndine Mapopa. Fiona akubwera nako Lachisanu."

Mayiwo anangofunsa:

"Kakuyendabe?"

"Kakuyenda, amayi."

"Musakaimitse, bambo. Tidzakaimitsa kuno."

Lamlungu lotsatira anapitanso kumunda kuja ndi Akbar. Atapeza poti akumbe anawerama, koma ulendo uno makina sanalirire jekete yake. Anagwira m'thumba, n'kuimirira kanthawi, kenako anayamba kukumba.