Mtambo Wolowera ku Chiradzulu

Ine ntchito yanga ndi yokolopa, musandiyese wasayansi. Zaka zinayi tsopano ndikukolopa ofesi ina kuno ku Joni, momwe anthu amaswera kuyang'ana mitambo pakompyuta zenera lili pambali pawo pomwepo. Ndinkawaseka chamumtima, amvekere ophunzira.

Lachiwiri lija a Ilham, mmodzi wa asayansiwo, anandifunsa ngati kwathu n'kummwera kwa Malawi. Anandionetsa chithunzi. Akuti setilaiti ili kumwambako ili ndi rada yocheka mtambo ngati buledi, n'kuona madzi ali m'katimo. Pachithunzipo mtambo uwu unali wofiira kuyambira pansi mpaka pamwamba, ndipo anati wolemera chonchi sawuonaona. Unkalowera kwathu.

Nyumba ya amayi ili m'tsinde mwa phiri ku Chiradzulu, malo oti napolo anadutsapo kale.

Ndinaimbira mchimwene wanga Aufi kuti awatengere amayi kusukulu, kutali ndi phiri. Iye n'kuyamba kuzengereza. Paja bambo anatisiya mwezi watha, ndiye amayi ali pa eda: kwathu mkazi wamasiye sachoka panyumba ya mwamuna wake mpaka ithe miyezi inayi ndi masiku khumi. Ndinamukalipira kuti akaitane shehe. Shehe anabweradi, nauza amayi kuti pangozi kuchoka n'kololedwa. Koma amayi anga inu, makani!

Ndinalankhula nawo ndekha pafoni, ndikulira m'kachipinda kosungira matsache.

"Mwanasha, bambo ako ndangowakhalira masiku makumi atatu. Ndiwathawe chifukwa cha chithunzi cha ku Joni? Kuno kukungowaza."

Lachitatu foni ya Aufi inasiya kulowa. Ndinaimba mpaka batire kutha, kutchaja, kuimbanso. Ndinakwiyira amayi, ndinakwiyira bambo pofa dzinja, ndinadzikwiyira ndekha pokhala kuno mopu ili m'manja. Ndinali ndi mantha osaneneka.

Lachinayi m'mawa ndinafikira kwa a Ilham ndisanavale n'komwe yunifolomu. Ndinawachonderera kuti makina awo, poti amaona m'kati mwa mtambo, asuzumireko pansi pake. Nyumba ya amayi siivuta kuizindikira, malata atsopano, pakhomo pali mtengo wa mango.

Anavula magalasi, n'kundigwira dzanja.

"Sisi, makinawa kuona kwake kumathera pomwe nthaka yayambira. Chomwe ndingakuuze ndi kuchuluka kwa madzi amene agwa paphiripo. Ndikuuze?"

Ndinati ayi, asandiuze.