Milomo pa kolala ya shati yoyera

Ntchito yanga pa gulu la zisudzo ndi kuchapa ndi kusita zovala. Pa siteji sindikwera. Amene amakwera ndi bambo a mwana wanga, ndipo chaka chino anawapatsa mbali ya mwamuna wachimasomaso. M'seweromo mkazi wake amamugwira chifukwa cha lipisitiki pa kolala ya shati yoyera.

Lipisitikiyo ndinkaidziwa bwino. A Dairekita ankaipaka ndi chala, kadontho kofiira ngati mwana wagwira shati ndi manja a jamu. Madzi ofunda, sopo pang'ono, basi kachoka.

Lolemba lina ndikutulutsa shatiyo m'chikwama, ndinangoti njo. Sichinali chala. Inali milomo, wam'mwamba ndi wam'munsi, timizere tonse tikuoneka. Ndinapita nayo pawindo. Milomo yake yaikulu ndithu, m'mwamba mwake mofufutika ngati wina wadutsitsapo burashi. Ndinayerekeza ndi yanga pagalasi, yanga inachepa.

Kunyumba sindinafunse. Munthu woyeserera kunama katatu pa sabata, ukamufunsa amayankha bwino kwambiri. Ndinafuna kuona ndi maso anga mwini milomoyo, ndidziwe ngati banja langa likadali langa.

Lachitatu masana ndinabereka mwana, shati yositasita m'manja, ulendo ku holo komwe ankayeserera sewerolo. Ndinapereka shati pakhomo n'kukhala kumbuyo, pakati pa mipando yosanjikiza. Maso anga anali pakamwa pa anthu. Mtsikana wochita mbali ya chibwenzi, kakamwa kake n'kakang'ono, ndipo akamakumbatira amuna anga ankasiya mpata woti mwana adutsepo. Wochita mbali ya mkazi wamkulu sapaka kalikonse, amati zimamuyabwa. Nanga ndani?

"Kolala!" anakuwa a Dairekita. "Patsala mphindi ziwiri, konzani kolala!"

Amuna anga anathamangira kuseri kwa katani. Ine pambuyo, monyang'ama.

Ndinapeza atagwira shati ndi manja awiri, aitambasula. Patsogolo pawo panali a Chindevu, bambo wachikulire wochita mbali ya apongozi, kagalasi m'manja, akupaka lipisitiki mosamala pansi pa ndevu zawo zotuwa. Anatsinzina, anawerama, n'kupsompsona kolala kuti mwa!

Mwana kumbuyo kwanga anaseka, onse anatembenuka.

"Amake mwana! Mwafika nthawi yanji?" anatero amuna anga, shati ikadali m'mwamba.

"Nthawi yabwino. Ndiye akazi anzanga ndi awa?"

"Iwe mwana wanga, usandiyang'ane choncho," anatero a Chindevu, milomo ili psuu. "Ukuganiza ndimazikonda? Zimakoma ngati phula la kandulo."

A Dairekita anasuzumira. "Mlamu, mlandu ndi wanga. Sabata yatha mayi wina wa mzere wakutsogolo anakuwa kuti imeneyo ndi tomato, holo yonse kuseka pamalo polira. Ndinati pafunika milomo yeniyeni."

"Atsikana alipo awiri. Bwanji akuluakuluwa?"

"Anakana onse. Akuti wochapa shatiyi amamudziwa."

Ndinaiyang'ana kolalayo. Apa mpomwe ndinamvetsa kufufutika kuja: zinali ndevu.

"Mumatsindika kwambiri, bambo," ndinatero. "Imalowa mkati mwa ulusi, ndimapikicha mpaka zala kuwawa. Bweretsani kuno."

Ndinapukuta nsonga ya lipisitiki ndi kansalu ka mwana, ndinapaka, ndinatembenuza kolala mbali yoyera, n'kuigunda ndi milomo kamodzi, mopepuka.

"Wochapa ndi ine, wodetsa akhalenso ine. Lolemba, Lachitatu ndi Loweruka ndizibwera."

A Chindevu anapukuta pakamwa ndi mkono wa jekete. Jeketenso ndichapa ndine, koma ndinangowasiya.

Ndinabwerera pampando wanga, ndinamasula mwana n'kumuyamwitsa. Pa siteji mkazi wamkulu anagwira kolala ija. "Ndi ya ndani milomo iyi? Tchula!"

Amuna anga anayenera kuyankha msanga, mawu amenewo ankawanena ngakhale posamba. Koma anayang'ana kumbuyo kwa holo, mawu onse anawathawa.

"Tiyambirenso!" anakuwa a Dairekita.