Zitini Zisanu za a Thovu

A Thovu anaphika sopo kwa zaka makumi atatu ndi ziwiri popanda munthu kuwabwezera ngakhale kachidutswa. Dzina limenelo anawapatsa ndi amayi ochapa zovala kumapeto kwa msewu, ndipo lenileni linaiwalika kalekale. Ndiye Lolemba lija, ataona Mayi Lumo akulowa pageti atasenza beseni, anaganiza kuti abwera kudzatenga sopo wina.

Mayi Lumo anali mkulu wa amayi ochapawo, ndipo lumo lawo linali pakamwa. Anatula beseni pakhonde kuti khu!

"Odi, a Thovu. Landirani ana anu."

M'besenimo munali sopo amene anatenga Loweruka.

"Walakwa chiyani sopo wanga?"

"Funsani manja awa." Anatambasula zikhatho. Zinali zofiira psu, khungu litasupuka pakati pa zala. "Tonse asanu ndi mmodzi tili chonchi. Mnzathu wina akulephera ndi kumanga komwe mpango kumutu."

"Mwachapira madzi otentha inu."

"Madzi otentha ndinayamba kuchapira inu muli ndi mano onse. Tamvani, madala. Timakukondani, koma manja athu timawakonda kuposa inu. Lachisanu m'mawa mubwere ndi sopo wosaluma. Mukapanda kutero tikagula wa m'mapepala kusitolo, ndipo tikapita tapita."

Anatuluka, beseni n'kulisiya pomwepo.

A Thovu anakhala pa mpando wawo wa miyendo itatu n'kuyamba kuwerenga adani. Wogulitsa mafuta ankaseka kwambiri masiku amenewo, ndipo munthu woseka popanda chifukwa amakhala kuti wakuchita kanthu. Mnansi wa kuseri kwa mpanda anafunsapo kawiri za maphikidwe a sopo. Koma woyamba pa onse anali mwini sitolo ya mankhwala, amene mwezi watha anawapatsa soda wachilendo. Soda wophikira sopo amene ankamudziwa iwo anali wa tizibenthu topyapyala ngati mamba a nsomba. Uyu anali wa timibulu tozungulira ngati mikanda. Mwini sitoloyo anati ndi yemweyo, kwasintha ndi thumba lokha. A Thovu sanakhulupirire. Munthu aliyense woima kuseri kwa kauntala ankamuyesa wakuba amene sanagwidwe. N'chifukwa chake anasunga soda wakale pang'ono m'botolo lotseka bwino, kuti tsiku la mlandu adzakhale ndi umboni.

Chowapweteka chinali chakuti iwo sanasinthe kalikonse. Chigubu chimodzi cha mafuta, zitini zisanu za soda, madzi kulekeza pa mzere wa ndowa. Chitini chake chinali chomwecho cha zaka zonse, chopindika pakamwa.

Lachiwiri m'mawa analowa kukhitchini kudzafuna tiyi, n'kupeza mpongozi wawo atayala mabuku patebulo. Mpongoziyu anali mkazi wa mwana wawo, dalaivala wa magalimoto a katundu amene ankatha milungu ali panjira. Anali mayi wa ana awiri, wa zaka zopitirira makumi atatu, koma anabwerera kusukulu ya masana pofuna kudzakhala namwino. A Thovu ankaona ngati sukulu ya munthu wamkulu ndi njira yothawira mbale.

"Lero mukuphika chiyani m'bukumo, mayi?"

"Kemisitiri, bambo. Mayeso ali pafupi." Anawathirira tiyi n'kuwapatsa ndi manja awiri. "Dzulo ndamva zonse. Mungandilole ndione nawo?"

"Muone chiyani? Wakuba ndikumudziwa."

"Ndingoyeza chabe, bambo. Ngati anakuberani, sikelo itiuza, mukapite kusitoloko ndi umboni wokwanira."

Mawu akuti umboni anawakomera. Anapita kushedi kophikira sopo, mpongozi atanyamula kasikelo kake koyezera ufa wa tirigu, kope ndi pensulo.

A Thovu anayang'ana kasikeloko cham'mbali. "Nanga iyeyu tikumudziwa bwanji kuti sanama?"

Mpongozi anabwerera m'nyumba n'kutenga paketi ya shuga yosatsegula. Anaiika pasikelo, muvi n'kuima pa kilo imodzi ndendende.

"Agwirizana," anatero a Thovu. "Wa shuga ndi wa sikelo, onse ndi amalonda."

"Ndiye tiyezere chiyani, bambo?"

"Pitirizani. Ndikungonena."

Mpongozi anavala majumbo m'manja, chifukwa soda ameneyu sagwiridwa ndi khungu. Anayeza chitini chopanda kanthu n'kulemba. Kenako anadzaza soda wakale wa m'botolo, n'kusalaza pamwamba ndi kathabwa monga ankachitira apongozi ake. Atachotsera kulemera kwa chitini, panatsala magalamu 300. Anakhuthula, n'kudzaza wa timibulu uja, kusalazanso chimodzimodzi. Muvi unapitirira ndithu. Magalamu 420.

"Bwerezani."

Anabwereza. A Thovu anamulanda kathabwa n'kusalaza okha. Muvi sunasinthe maganizo.

"Chitini chimodzi chomwechi chinganene ziwiri bwanji?"

"Chitini chimangodziwa malo, bambo, sichidziwa kulemera. Tizibenthu tija timatchingana, pakati pamatsala mipata yambiri. Timibulu timakhalana bwino, ndiye mumalowa wambiri. Wa sitolo sanakubereni. Soda ndi yemweyo, koma mwathira wochuluka."

Izi a Thovu sanazikonde. Anadzuka m'mawa ali ndi wakuba, tsopano akuwalanda wakubayo.

"Wochuluka ndi ndani wanena? Mwina wakaleyo ndiye anali wochepa."

Mpongozi anakhala pa chidebe chovundikira n'kutsegula kope pamaondo. Chigubu cha mafuta chinali ndi chilembo chake, makilo 11.

"Mazira mumawerenga limodzi limodzi mukamagula ambiri?"

"Ndimawerenga. Amaikamo owola."

"Chabwino, koma anthu ena amawerenga ndi thireyi. Ifenso tinthu ting'onoting'ono timene timapanga soda kapena mafuta sitingatiwerenge kamodzi kamodzi, sitioneka n'komwe. Ndiye tili ndi thireyi yathu, dzina lake molo. Molo imodzi ya chilichonse imakhala ndi tinthu tochuluka mofanana, koma kulemera kumasiyana, monga thireyi ya mazira a nkhuku ndi ya mazira a zinziri."

"Tinthu tosaoneka, koma munatiwerenga."

"Anatiwerengera ena."

"Ehe! Ndimadikira pomwepo."

Mpongozi anaseka, koma sanasiye. Anati kanthu kamodzi ka soda kali ndi ziwalo zitatu: sodiyamu wolemera 23, okosijeni 16, haidirojeni 1. Anawafunsa kuti zonse pamodzi ndi zingati.

"Makumi anayi. Musandiyese mwana, sukulu ndinaiponda pang'ono."

"Ndiye molo imodzi ya soda ndi magalamu 40. Ya mafuta ngati anuwa imalemera pafupifupi 880. Tsopano nkhani ili apa, bambo. Kuti sopo apangike, kanthu kamodzi ka mafuta kamatenga tinthu titatu ta soda. Osati tiwiri, osati tinayi."

"Kamodzi kutenga titatu?"

"Eya."

"Mafuta ndi amitala eti? Zaka zonsezi ndikuwalemekeza!"

"Amitala, bambo, koma amalekeza pa atatu. Wachinayi akabwera amatsala panja."

"Ndiye wotsala panjayo amatani?"

"Amaluma aliyense amene wamugwira."

A Thovu anagwedeza mutu movomereza. Zimenezo zinamveka ngati zoona, chifukwa anthu otsala panja ankawadziwa bwino ukali wawo.

Pensulo inayenda. Makilo 11 a mafuta anali mamolo 12 ndi theka. Kuchulukitsa katatu, mamolo 37 ndi theka a soda. Kuchulukitsa ndi 40, magalamu 1,500.

"Taonani, bambo. Zitini zanu zisanu zakale, 300 kasanu."

A Thovu anawerenga ndi zala, milomo ikugwedera. "1,500."

"Ndendende ndi buku."

"Ndiye bukulo linaonera kwa ine."

"Mwina. Koma ulendo uno 420 kasanu ndi 2,100. Magalamu 600 atsala panja. Amenewo ndi mamolo 15, ndipo akufuna mamolo asanu a mafuta kuti akhazikike. Tipale sopo yenseyu, timusungunule, tiwonjezere mafuta makilo anayi ndi magalamu 400. Aphikike bwino, basi."

Anadula mzere pansi pa yankho kawiri, nkhope ikuwala ngati wakhoza kale mayeso.

A Thovu anatenga kope n'kuliika kutali ndi maso, chifukwa magalasi anawakana pokhulupirira kuti adokotala amangofuna kugulitsa. Manambala sanawatsutse. Koma mtima unkawauza kuti penapake pali chinyengo, ndipo mtima umenewo sunkagona. Anayang'ana kope, anayang'ana beseni la Mayi Lumo, n'kudzuka kukayala zidutswa patebulo m'mizere ya khumi khumi.

"Mayi, sopo ameneyu ndinadula zidutswa 44. Apa zilipo zingati?"

Mpongozi anawerenga. "Makumi anayi."

"Zinayi zili kuti?"

"Anachapira, bambo. N'zimene zawasupula manja."

"Ndiye soda wotsala panja wa m'zidutswa zinayizo ali m'beseni muno, kapena anapita ndi madzi m'ngalande?"

Mpongozi anagwira pakamwa.

"Mukufuna kukwatitsa anthu amene anasamuka kale," anatero a Thovu, mawu akukoma ngati athira shuga. "Mafuta otsalawo akanakhala okhaokha, sopo n'kutuluka wonona ngati wodzola. Buku lanu silidziwa kuti katundu akapita kwa anthu sabwera yense."

"Mwandigwira, bambo." Anafufuta msanga. Magalamu 4,400 kugawa pa zidutswa 44, chilichonse chinkafuna magalamu 100. Zidutswa makumi anayi, makilo anayi okha.

"Makilo anayi," anabwereza a Thovu. "Aphunzitsi anuwo mukawauze kuti kuno kuli munthu."

"Ndikawauza. Mayeso mukandilembere ndinu."

"Sangandilole. Amaopa."

Masana onse anapala sopo ndi mipeni, majumbo ali m'manja, mpaka zipalo zinadzaza mabeseni awiri. Lachitatu anakoleza moto pansi pa mgolo wodula pakati, anathira madzi pang'ono, zipalo n'kuyamba kusungunuka. Mafuta anayeza ndi a Thovu eni ake, kilo imodzi imodzi, diso lili pa muvi ngati ukufuna kuthawa. Anatakasa ndi mthiko wawo wautali kwa maola atatu, mpongozi akuwalandira mkono ukatopa, iwo akumuuza kuti akutakasa ngati akupepesa.

Phala la sopolo litayamba kunyezimira, anatapa pang'ono n'kuika pa thabwa kuti lizizire. Ophika sopo akale ali ndi kayezedwe kawo: amakhudzitsa nsonga ya lilime. Sopo wa soda wambiri amabaya ngati waya wa magetsi, wabwino amangowawa basi. A Thovu anasiya kulawa zaka makumi awiri zapitazo, poti chitini sichinawanamizepo. Tsopano anaima ndi kachidutswa m'manja, akuzengereza.

"Lawani ndinu, mayi. Masamu ndi anu."

"Makilo anayi ndi anu, bambo."

Anatseka maso n'kukhudzitsa. Anadikira. Anakhudzitsanso mbali ina, kenako analavula.

"Kuipa kwake!" anatero, nkhope yonse ikumwetulira. "Koma sakubaya."

Anathira m'zikombole zamatabwa n'kufunditsa masaka. Lachinayi madzulo sopo anali atalimba moti n'kudulika ndi waya.

Lachisanu m'mawa ananyamula beseni lija awiriwiri, wina khutu ili wina ilo, mpaka kochapira. Amayi asanu ndi mmodzi anasiya ntchito n'kuwazungulira, ena manja atakulunga nsanza. Mayi Lumo anatola chidutswa, anachinunkhiza, anachikanda ndi chala.

"Mwabwera ndi mboni lero, madala?"

"Ndi mpongozi wanga. Amandithandiza kunyamula."

"Kunyamula kokha?" anafunsa mpongozi, maso ali pansi.

"Ndi tina ndi tina."

Mayi Lumo anawapatsa chidutswacho. "Manja athu analawa kale. Lero ayambe mwini wake. Sambani kumaso."

"Pamaso pa anthu?"

"Ifenso anatiluma pamaso pa anthu."

A Thovu anavula chipewa n'kupatsa mpongozi. Anawerama pa ndowa, anapaka sopo mpaka thovu linakwirira ndevu, makutu ndi dazi lomwe. Amayi aja anawerenga mokweza mpaka makumi asanu, wina akuimba ndowa ndi chibakera. Atatsukuluza, nkhope inatuluka yosalala, yopanda pofiira paliponse.

"Ha! Kani madalawa ndi oyera chonchi?" anakuwa wina. "Mubwere Lachisanu lililonse tizikusambitsani!"

Mayi Lumo sanaseke nawo msanga. Anamasula nsanza ya kudzanja lamanzere, naviika chala chosupuka chija m'thovu, n'kudikira. Kenako anatenga malaya a kolala yakuda n'kufikisa katatu. Litsiro linachoka.

"Khuthulirani m'kabatimo," anatero. "Ndipo sabata yamawa tikufuna wina. Kwabwera makatani a holo yonse."

Pobwerera a Thovu anayenda patsogolo, madzi akudonthabe m'ndevu. Pafupi ndi sitolo ya mankhwala anachepetsa liwiro. Mwini wake anali pakhomo akusesa, ndipo anawakwezera dzanja.

"Mukawapepese, bambo? Mumawatchula wakuba sabata yonse."

"Ndinamutchula kunyumba kwanga, iye sanamve. Komanso munthu amene sanabe lero ndiye kuti akukonzekera." Anakweza dzanja pang'ono, kufika m'chiuno basi, n'kupitirira. "Tiyeni, mayi, fulumirani. Makatani a holo yonse ndi zigubu ziwiri, ndipo wa mafuta amatseka masana."