Mpweya wa M'chibaluni

Amene anataya mpweya wa amuna anga ndi alamu anga, achimwene awo a malemuwo. Ndikulemba kuti mudziwe.

Amuna anga anali mphunzitsi wa sayansi. Ine ndinalekezera ku pulayimale, koma sankatopa nane. Kutatsala masiku ochepa kuti atisiye, anatenga chibaluni chofiira, n'kuchilemba timadontho, n'kuchiuzira pang'onopang'ono, akupumira chifukwa cha chifuwa.

"Ukuona, mayi a ana? Timadonthoti ndi magulu a nyenyezi. Nyenyezizo sizikuthawana ayi. Malo apakatiwa ndi amene akufutukuka."

"Akufutukukira kuti? Kunja kwake kuli chiyani?"

"Kulibe kunja."

"Bodza limenelo, bambo. Ngakhale ndowa ili ndi kunja."

Anaseka mpaka kutsokomola. Ati nthawi nayonso ndi mbali, ngati m'litali ndi m'lifupi, ndiye dzulo silinathe, lili penapake. Sindinamve. Ndinangofunsa ngati ifenso tikutalikirana. Anatembenuza chibalunicho, n'kulembapo kenakake, n'kuchimanga ndi kachingwe, n'kuchipachika pamsomali kumutu kwa bedi.

Maliro atatha chinali pompo, chitafota pang'ono. Ndinkachigwira m'mawa uliwonse. Munali mpweya wawo.

Ndiye alamu analowa kuchipinda kwanga, ati kukaona katundu wa mng'ono wawo. Ine ndinali panja, ndikuperekeza apongozi. Pobwera ndinapeza alamuwo akumasula mfundo ya chibaluni chija ndi mano.

"Alamu, siyani!"

"Aa, mlamu, zidole m'nyumba ya maliro? Anthu atiseka. Kachingweka ndikufuna ndimangire nsapatozi."

Fyuuu! Chinazungulira chipinda n'kugwera kuseri kwa kabati. Ndinathamangira kutseka zenera. Kaya ndinkaganiza chiyani.

Nditachitola, timadontho tonse tinali titaunjikana, nyenyezi zonse m'dzanja langa. Kumbali ndinaona chimene analemba tsiku lija: timadontho tiwiri togundana, atatizunguliza mzere ngati mphete.

Ana akuti, "Amayi, ingouziraninso." Ndiuzire? Ukhala mpweya wanga, osati wawo. Ndipo ndikauzira, tiwiri tija titalikirana kapena ayi? Ndikuopa kuona. Chili m'thumba la diresi langa.

Alamu sanapepese, ndipo nsapato za malemu anatenga. Zimenezo ndithana nawo ndekha. Koma inu mukuwerenganu, ngati dzulo lili penapake, ndidzere njira iti? Ngati zonse zikutalikirana, ndiye kuti kukacha bambo aja amakhala atapita kutali kuposa dzulo? Musandiuze kuti ndipirire, zimenezo ndamva kale kwa a mpingo. Ndiyankheni.