Khadi la Mtanda Lapita ku Andong

Disembala akafika, kasitolo ka Gyeong-ran kuseri kwa msika wa Seomun ku Daegu kankadzaza mpaka pakhomo. Makhadi a mtanda ndi mavesi sankagona pashelefu. Amayi a kutchalitchi ankagula makumi awiriawiri: la abusa, la akwaya, ngakhale la mnansi amene sapatsana naye moni chaka chonse. Aja a Chaka Chatsopano, ojambulidwa akakowa ndi mitengo ya paini, ankangotuwa ndi fumbi.

Gyeong-ran anapatula makhadi awiri. La akakowa linali la apongozi ake ku Andong. La mtanda linali la Mayi Seol, amene anamukokera kutchalitchi mwakabisira, ndipo m'menemo anakhuthula zonse, poti munthu akakondwa cholembera sichigwirika: za ubatizo wake wa mwezi wathawu, zoti mwamuna wake Tae-seop yekha ndiye akudziwa, zoti apongozi asadzamve mpaka kalekale. Anamata maenvulopu makasitomala akumukuwira.

Patapita masiku atatu Mayi Seol anaimba foni akufa ndi phwete.

"Iwe mtsikana, ndakhala liti apongozi ako ine? Wanditumizira mbalame, eti ndisamale mawondo. Mawondo angawa ndi abwino kuposa ako!"

Gyeong-ran anazindikira pomwepo. Ngati akakowa atera kwa Mayi Seol, ndiye kuti mtanda wapita ku Andong.

Apongozi akewo sanali munthu wosewera naye. Mwana wawo wamkazi weniweni, Ok-bun, anakana kugwadira thebulo la nsembe za makolo akufa atalowa tchalitchi, ndipo papita zaka khumi ndi ziwiri asanavule nsapato pakhomo paja. Nanga mtengwa? Komanso Gyeong-ran anali mkazi wa mwana woyamba, wodzalandira mbale zamkuwa zoikiramo mpunga wa akufa, kasanu ndi katatu pachaka.

Anaimbira mwamuna wake.

"Mwina wapositi wachedwa," anatero Tae-seop.

"Positi ya dziko lino inachedwapo liti, bambo a Da-som?"

"Uwauze kuti ndi la kasitomala."

"Kasitomala wa dzina langa? Wodziwa inu?"

Bamboyo anangopumira m'foni. Amuna ena akamva dzina la mayi awo amasanduka ana a mkaka.

Gyeong-ran anatseka sitolo dzuwa lili paliwombo, nakwera basi ya ku Andong. Njira yonse ankapemphera kuti envulopu igwere m'chipale, kapena galu aitafune. Mkhristu wa mwezi umodzi, wayamba kale kutuma Mulungu kuba makalata! Ankaopa kwambiri. Ankaona mwana wawo Da-som akufunsa chifukwa chake sapitanso kwa agogo, ankaona Tae-seop akuuzidwa kuti asankhe.

Atafika, anavula nsapato pakhonde, natsegula chitseko pang'onopang'ono. Apongozi anali pansi, akupukuta mbale zamkuwa zija. Khadi linali chilili pabokosi, pambali pa chithunzi cha malemu amuna awo, mtanda wake wagolide ukunyezimira. Madzi akatayika sawoleka. Gyeong-ran anagwada mpaka chipumi kugunda pansi.

"Amayi, ndalakwa."

"Wadya?"

"Amayi..."

"Ndati wadya? Dzuka apo, ukutchinga kuwala."

Apongozi anabweretsa kathebulo, mpunga, msuzi wa nyemba, ndi kimchi, kabichi wowawasa wa tsabola. Gyeong-ran anagwira supuni. Ankadikira kukalipa, kapena kulozedwa chitseko. Apo ndi pamene anaona kuti timitengo todyera m'dzanja la apongozi tikugundana tokha. Gogoyo ankaopa kuposa iye.

"Ndinathamangitsa mmodzi," anatero apongozi, maso ali m'mbale. "Ndinkati ndatsala ndi iwe. Chiyambire dzulo sindinagone. Bambo akowa ndawadyetsa zaka makumi awiri chimwalirire, sindinaphonyepo tsiku lawo. Sindikuthamangitsa, ndilibenso wina. Ungondiuza chinthu chimodzi. Ndikapita, udzandiikira mpunga?"

Gyeong-ran anatsegula pakamwa. Akanatha kunama, bodza lake linali laling'ono ngati njere. Koma mwezi wathawu anali atalonjeza pamaso pa mpingo wonse, madzi akutsika m'khosi, kuti sadzagwadiranso akufa. Anayang'ana mtanda, anayang'ana mbale zamkuwa, ndipo mawu sanatuluke.

Apongozi anagwedeza mutu, nakokera mphika pafupi, nadzaza mbale yawo kachiwiri mpaka kusefukira.

"Basi," anatero. "Ndidyeretu."